Timitanda ta Kapensulo

Lachitatu, 4 Juni

Andigoneka. Akuti sitiroko, koma yaing'ono. BP 196/112. Dzanja lamanja lili ngati la munthu wina. Ndikulemba pafoni ndi chala chachikulu cha kumanzere. Ndatopa.

Lachinayi, 5

Sikani ya mutu m'mawa. Adokotala ati magazi sanatayikire mu ubongo, kamtsempha kanangotsekeka. Andipatsa asipirini, piritsi la BP ndi lina lochepetsa mafuta m'magazi. Diripi aiika kumanzere. BP 178/100. Mwendo ukukoka, pakamwa papindika pang'ono, koma ndikuyankhula. Mayi a kunyumba akuti bola pakamwapo pakanapuma, dzanja n'kutsala. Zaka zonsezi mayi amenewa sanasinthe.

Burashi inagwa yokha dzulo ndili pamakwerero, ndikulemba chikwangwani cha shopu ya nsapato. Ndinali nditafika pakati. Mwini shopu adikire.

Lachisanu, 6

BP 170/98. Ndilembe chimene chikundisowetsa mtendere, poti kuchinena sindikutha. Si shopu ya nsapato ayi. Ndi mpikisano.

Ine ndine wolemba zikwangwani. Mzere ndimaukoka popanda rula, ndipo ukayika rula pambuyo pake, rulayo ndi amene amachita manyazi. Mwana wanga wamkazi, mzime, timamutcha Kapensulo chifukwa ali wamng'ono ankagona atafumbata pensulo. Pano ndi mtsikana wamkulu, amagwira ntchito pashopu ya fotokope, ndipo akaweruka amajambula manga. Manga ndi nkhani za zithunzi m'timabokosi, kajambulidwe kochokera ku Japan: anthu a maso akuluakulu, zakuda ndi zoyera basi, ndipo amawerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere. Kampani ina yosindikiza mabuku yakonza mpikisano wa nkhani zopepuka, zoti munthu awerenge, aseke, mtima ukhale pansi. Wopambana amusindikizira buku. Akufuna masamba enieni, ojambulidwa pamanja, ndipo afike kuofesi kwawo pofika Lachisanu pa 20.

Ntchito timagawana chonchi. Iye amajambula ndi pensulo, n'kudutsamo ndi peni ya inki. Paliponse pofunika kuda bii, kaya ndi tsitsi, mthunzi kapena chovala, amaikapo kamtanda ka pensulo. Tsambalo limabwera kwa ine, ine n'kudetsa ndi burashi paliponse pamene pali kamtanda. Akuti ngakhale akatswiri ali ndi anthu awo owadetsera, ndipo malamulo a mpikisanowu amalola wothandiza. Ndakhala ndikumudetsera kuyambira ali kusekondale, ndipo sindinadumphepo mzere. Mukamufunse.

Nkhani yake ino ndi ya ambulera yakuda yoopa mvula. Tsamba lililonse ili pomwepo, chiambulera chakuda bii. Palibe tsamba ndi limodzi lomwe ladetsedwa. Ndiye ine ndagona pano, dzanja lili lende ngati sokosi pachingwe.

Loweruka, 7

Wodi yathu ndi ya amuna, mabedi mizere iwiri, mawindo ali m'mwamba moti ukagona umangoona nsonga za mitengo. Tsiku limayamba ndi anamwino akukankha katebulo ka mankhwala, gudumu limodzi likulira kwii kwii. Kenako okolopa, kenako tiyi, kenako adokotala ndi gulu lawo.

Kumanzere kwanga kuli Adalaivala. Ankayendetsa mathiraki, pano shuga wawadulitsa zala ziwiri za kuphazi, koma pakamwa sanawadule. Akudziwa matenda a aliyense muno ndi alendo ake omwe. Kumanja kuli bambo wachikulire wa vuto la mtima. Chibwerereni sindinamve mawu awo. Adalaivala anawatcha Achete.

Kwabwera amayi a mafizo, aafupi, mawu ngati kondakitala wa basi. Anditsinzinitsa kuti andibaye zala ndi kaphini.

"Ndakubayani chiti?"

"Chachikulu."

"Ayi bambo, sindinayambe n'komwe."

Adalaivala anaseka mpaka kutsokomola. Amayiwo andisiyira kampira kofinya ndi mapegi oyanikira zovala, ndizipanira m'mphepete mwa katoni. Ine, munthu woti ndinalemba dzina la hotela pamwamba pa nyumba yosanja mphepo ikuwomba, lero ndikulimbana ndi pegi. Pegi ndi limene lapambana.

Lamulungu, 8

Alendo. Mayi a kunyumba abweretsa mpunga ndi nkhuku yopanda mchere, mafuta omwe mulibe. Ndati iyi si nkhuku, ndi chithunzi cha nkhuku. Ati, "Idyani chithunzicho, si ndinu a zojambula."

Kapensulo anakhala kumiyendo kwa bedi, maso ali psuu. Ndinamufunsa za masamba.

"Bambo, za mpikisano tisiye. Ndidzalowa chaka chamawa."

"Wati chiyani?"

"Inu muchire kaye."

Ndinapsa mtima. Miyezi yonseyi mwana ameneyu wakhala akujambula ambulera mpaka msana kupindika, anzake osawayendera, tsitsi osakonzetsa.

"Iwe, tamvera. Chadwala ndi dzanja langa, osati mutu wako. Lachiwiri ndiwaone masamba pano, pamodzi ndi burashi yanga yaing'ono ija ndi botolo la inki. Ukapanda kutero, mapiritsi awa ndiziwapatsa Adalaivala."

"Ine ndili ndi anga okwanira, achimwene," anatero Adalaivala.

Kapensulo sanaseke. Anangoyang'ana dzanja langa pabulangete. Ndinalilowetsa m'kati.

Lolemba, 9

BP 160/94. Diripi achotsa. Ndayenda ndi chogwirira mpaka kubafa ndekha. Adokotala ati mwendo ubwerera msanga, dzanja limachedwa, zala ndiye zimamalizira. Ndafunsa ngati ndidzagwirenso burashi. Ati, "Tiyeni tione mmene ziyendere." Mawu amenewo ndimawadziwa. Ndimawanena kwa kasitomala amene sindikufuna kumukhumudwitsa.

Masana Kapensulo anadutsa pa nthawi yake yopuma. Ndinamuona pakhonde akuyankhula ndi amayi a mafizo nthawi yaitali. Atalowa anati, "Chabwino bambo, mawa ndibweretsa." Ndimadziwa ine kuti mwana wanga si wogwa mphwayi.

Lachiwiri, 10

Abwera! Masamba anayi mu envulopu yaikulu, timitanda ta pensulo tili mbwee. Amayi a mafizo akulunga bandeji pachigwiriro cha burashi kuti chinenepe, zala zithe kugwira. Andikhazika, pilo kumsana, katebulo kodyera patsogolo. Lamanzere ntchito yake ndi kupanikiza pepala pakona, basi.

Burashi sindikuimva m'zala. Ndikuiyendetsa ndi maso. Ambulera imodzi, yoti kale ndinkaimaliza tiyi asanazizire, yanditengera masana onse. Thukuta kamukamu. Ndinayambira pakati n'kumasendera kumzere pang'onopang'ono ngati munthu woyandikira galu wa eni. M'mphepete simunasalale ngati kale, koma sindinadumphe.

Namwino wina anaima n'kumaonerera. "Koma bambo inu ndinu katswiri." Ndati akawauze adokotala.

Lachitatu, 11

BP 152/90. Pegi limodzi lagonja. Maambulera awiri atheka.

Kapensulo anasiya kabuku ka nkhani yonse, kope ya zithunzi za pensulo, kuti anzanga muno aone chimene ndikuvutikira. Nkhani yake ndi iyi. Ambulera ili yokha pansi pa benchi la pasiteji ya basi, chifukwa mvula ikangoyamba imathawira pamenepo, ikunjenjemera. Kamtsikana ka sukulu kaipeza, kaimvera chisoni, n'kumaifunditsa jekete lake. Ndiye mumzinda monse anthu akuona mwana akunyowa, atafunditsa ambulera. Pamapeto kamtsikanako kadwala chimfine, mvula n'kuwapeza panjira, ndipo ambulera ija, ikunjenjemera chomwecho, itseguka yokha.

Adalaivala anawerenga ali duu, kenako anakaponya pabedi.

"Achimwene, mwana wanuyu ndi wankhanza. Inu mumati n'zoseketsa?"

"Chavuta n'chiyani?"

"Ayamba bwinobwino, ambulera yatseguka, mwana akusangalala. Kenako ambulera ija yafooka, mwana akuifunditsa, akuisamala. Pamapeto waitaya pansi pa benchi, yokhayokha! Muno m'chipatala n'kutipatsa zimenezi?"

Anayambira kumapeto! Ndinaseka mpaka pakamwa popindikapa panauma. Ndinawatembenuzira kabukuko, ndati yambani uku, muziyenda chakumanzere. Ati iwo anayendapo m'mayiko oyendetsa galimoto mbali zonse ziwiri, koma buku loyenda livesi sanalionepo. Anawerenganso. Atafika pamene ambulera yatseguka anangoti, "Ogo!" n'kuyamba kufunafuna kansalu kopukutira magalasi.

Ameneyo ndiye mwana wanga. Munthu wa mathiraki wamuliza kawiri ndi nkhani imodzi.

Lachinayi, 12

Ndadumpha mzere.

Tsamba lachinayi, pamene kamtsikana kakusuzumira pansi pa benchi. Dzanja linangoti gwede lokha, burashi n'kudutsa patsaya la mwanayo mpaka padiso. Nkhope yokongola zedi m'buku lonse. Ndinaika burashi pansi. Adalaivala anayang'ana kudenga ngati sanaone.

Kapensulo atabwera ndinamupatsa tsambalo. Anangoliponyera diso kamodzi. "Palibe kanthu bambo, ndikakonza ndi penti yoyera." N'kulilowetsa mu envulopu, n'kuyamba kundisendera lalanje.

Mwana ameneyu analirapo tsiku lathunthu chifukwa ntchentche inadetsa kona ya tsamba lake. Lero akudzilimbitsa kuti ine ndisakhumudwe. Zandiwawa kuposa akanakalipa. Ngati aluze mpikisano, aluza chifukwa cha ine.

Lachisanu, 13

BP 174/102. Mutu. Awonjezera piritsi lina la BP, laling'ono loyera, lomwa madzulo. Burashi sindinaigwire.

Loweruka, 14

BP 150/88. Mutu wasiya.

Kapensulo anaweruka msanga. Anati lero palibe ntchito, tionere anime, makatuni a mtundu womwewo wa manga. Anatsamiritsa foni pajagi ya madzi, ife atatu n'kutembenukira pamenepo. Inali ya mayi wina wophika buledi ndi bakha wake. Gawo lonse bakha akungofuna malo ofunda oti agone. Ayesa m'dengu, amuchotsa. Ayesa pa thumba la ufa, agweramo. Palibe womenya mnzake, palibe wothamangitsa galimoto.

Adalaivala anapirira pang'ono, kenako anafunsa, "Ndiye amupha liti bakhayu?"

"Samupha, atsibweni," anatero Kapensulo.

"Nanga tikuonera chiyani?"

"Zomwezo. Akapeza pogona, yatha."

Kenako tinamva kaphokoso kumanja, ngati ketulo yoyamba kuwira. Tinatembenuka tonse. Achete akuseka! Mapewa akugwedezeka, kachubu ka mpweya kakuvina pamphuno. Atapuma anati, "Tabwezera pamene wagwera mu ufa paja, mwanawe." Ali ndi mawu, abale, ndipo ndi mawu aakulu. Tinabwezera kanayi.

Pochoka ndinafunsa Kapensulo chifukwa chimene amakondera nkhani zopanda ndewu. Anati, "Anthu akaweruka amakhala atamenyedwa kale, bambo." Ndani anamuphunzitsa kuyankhula chonchi? Ine ayi.

Lamulungu, 15

Ndabwerera pantchito. Masamba ena anayi abwera. Ndadumpha pang'ono pawiri, koma osati pankhope.

Kunabwera mlamu wanga ndi nthochi. Ataona inki pakatebulo anati mtsikana wamsinkhu uwu akanakhala akuganiza za banja, osati tizithunzi ta ana. Ndisanatsegule pakamwa, Adalaivala anawapatsa kabuku kaja. "Werengani kaye, bwana. Kuyambira uku. Osachita zaumbuli zoyambira kumanzere." Iwowo amene! Mlamu anawerenga mpaka kumapeto, nthochi yosenda ili m'manja.

Lolemba, 16

M'mawa chimwemwe, masana china.

Amayi a mafizo anabwera ndi kaphini kawo. Nditatsinzina ndinamva kuti tswii, pachala cholozera. Ndinakuwa, "Cholozera!" Kenako chapakati. Kenako chachikulu. Amayiwo anawomba m'manja, wodi yonse n'kulandira. Anandipatsa nsalu, pepala ndi supuni kuti ndisiyanitse nditatsinzina. Ndinakhoza zonse. Ati zala zayamba kudzuka. BP 144/86.

Masana ndinatenga tsamba kuti ndiyambe. Ndili ndi chizolowezi: ndisanadetse, ndimayendetsa chala cholozera pamzere wa Kapensulo kuti ndimve ngati inki yauma. Inki ya peni ikauma imatukuka pang'ono papepala, umaimva ngati ulusi. Masiku onsewa sindinkatero, poti chalacho chinali chakufa. Lero ndinayendetsa.

Palibe ulusi. Pepala lili see.

Ndinayesa tsamba lina. See. Ndinapeza pamene ndikudziwa kuti anafufutapo ndi penti yoyera, pakhutu la kamtsikana, ndinalipo tsiku limenelo kunyumba. Penti yoyera imasiya kachotupa. Palibe. Chokhacho chimene chala chinamva ndi timitanda ta pensulo, tokanda pepala.

Ndi fotokope. Pepala lolimba lojambulira, makina abwino a kuntchito kwake, kenako timitanda n'kuikapo pamanja. Mwana amene ndinabereka ndekha wandigwira m'maso sabata yathunthu. Thukuta lonse lija, mutu wa Lachisanu uja, ndimadetsa mapepala otaya.

Ndavundikira botolo la inki. Lero sanabwere, kuli ntchito yambiri kushopu. Bola.

Lachiwiri, 17

Anabwera masana ndi envulopu ina, akumwetulira. Ndinamuuza akhale.

"Ndipatse chala chako."

Ndinachiyendetsa patsamba. Nkhope yake inagwa pomwepo.

"Zala zadzuka, mayi," ndinatero. "Enieni ali kuti?"

"Kunyumba."

"Akudetsa ndani?"

"Ndekha. Ndikaweruka."

"Ndiye ine wandiyesa kamwana kopatsidwa chiwongolero cha pulasitiki kuti kaziti vuum vuum kumpando wakumbuyo?"

"Bambo, munati musiya mankhwala. Ndikanatani? Ndikanabweretsa enieni, tsamba lija la nkhope likanatha. Ndikanakana, inu mukanagona kuyang'ana kukhoma. Ndinafunsa amayi a mafizo, anati burashi ikuthandizani kuposa mapegi."

"Ukanandiuza."

"Mukanavomera?"

Ndinamuuza atenge envulopu yake azipita. Anapita akupukuta m'maso.

Amayi a mafizo atabwera ndinawafunsa ngati kusukulu kwawo amaphunzitsa kunamiza odwala. Sanatekeseke. "Bambo, mapegi munkawapanira mphindi zisanu n'kuyamba kudandaula. Burashi mumaigwira masana onse osakutumani. Zala zimenezi mukuganiza kuti zadzuka ndi chiyani, nkhuku yopanda mchere?" Anatenga dzanja langa n'kuyamba kulipinda ngati palibe chachitika.

BP 158/92. Ndakwiya.

Lachitatu, 18

Ndinadzuka ndidakali wokwiya. Tiyi ndinamwa osayankhula ndi munthu. Adalaivala anati muno tsopano muli Achete awiri.

Mayi a kunyumba anabwera okha, ndi chikwatu chachikulu cha katoni kukhwapa. Iwonso ankadziwa, ndithu. Nyumba yonse inkadziwa.

"Mwana sakugona chifukwa cha inu, sakudya chifukwa cha ambulera. Inu muli pano kutupa ngati buledi. Onani izi, kenako mupitirize kukwiyako."

Anatsegula pabedi. Masamba enieni.

Ndinasamba m'manja kaye. Ndinayang'ana limodzi ndi limodzi, kufunafuna polakwika, sindibisa. Ndinayang'ana m'makona, mmene anthu osazolowera amasiya timadontho toyera. Mulibe. Ndinapendeketsa tsamba kuwindo kuti ndione mikwingwirima ya burashi. Kuda kwake kuli bii, kosalala, kofanana paliponse. Mzere sanadumphe.

Ndiye pali china. Ine ambulera ndimaidetsa yonse, poti kamtanda kakuti detsa. Iye wasiya timizere toyera tating'ono, topyapyala ngati tsitsi, totsetsereka kuchokera pamwamba. Ukayang'ana, ambulera ija yanyowa. Ikunyezimira. Pamene ikuchita mantha, timizereto takhotakhota, ndipo umaona ndithu kuti chinthuchi chikunjenjemera. Zaka zonsezi ndikugwira burashi, sindinaganizepo zimenezo. Palibe anamuuza. Ine ndinamuphunzitsa kutsuka burashi ndi kuyambira pakati, basi.

Ndinaitana Adalaivala kuti asendere. Achete nawo anadzuka n'kukhala tsonga. Ndinawaonetsa timizereto. Ndinaonetsa namwino wa mankhwala, ndinaonetsa wokolopa. Adokotala akudutsa ndinawaimitsa, ndati taonani ntchito ya mwana wanga. Anaona, n'kufunsa ngati bukulo lili kale m'mashopu.

"Si mumakwiya inu?" anafunsa mayi a kunyumba.

"Ndikukwiyabe. Koma taonani apa."

Tsamba lomaliza munalibe. Ati Kapensulo abwera nalo yekha mawa.

Lachinayi, 19

BP 138/84. Adokotala ati Lolemba ndikhoza kutuluka, mafizo ndizidzachitira kuno kawiri pa sabata.

Kapensulo anabwera nthawi ya alendo ya masana. Anaima patali kaye, ngati mlendo. Ndinamuuza asendere, sindiluma. Anatulutsa tsamba limodzi n'kuliika pakatebulo.

"Ili ndi lenileni, bambo. Ligwireni."

Ndinayendetsa chala. Ulusi uli pomwepo, mzere uliwonse. Ndi tsamba lija ambulera yatseguka. Bokosi limodzi lokha, tsamba lonse, chiambulera chatambasuka kuchokera kona ino mpaka iyo, pansi pake kankhope ka mwana kakuyang'ana m'mwamba. Pakati pa ambulera kamtanda kamodzi.

"Ndakusiyirani. Palibe buku langa limene simunagwirepo. Ili lisakhale loyamba."

"Ndikadumpha?"

"Mukadumpha mwadumpha. Lipita choncho."

"Nthawi yojambulanso ilipo?"

"Palibe. Mawa m'mawa ndikukapereka."

Sankanama ulendo uno, ndinamuyang'ana m'maso. Anatsegula botolo yekha, n'kundiikira burashi m'zala. Ndinaimva. Koyamba chigonekedwereni ndinamva mtengo wake, ndi kulemera kwa inki kunsonga. Mtima unkafuna, abale. Unkafuna zedi.

Ndinapempha Adalaivala nyuzipepala yawo. Ndinakoka mzere umodzi m'mphepete mwake, monga ndimachitira ndisanayambe chikwangwani chilichonse. Unayamba bwino. Pakati unagwedera. Pang'ono pokha, poti wina sakanaona. Ine ndinaona, iyenso anaona.

Wina akanandibweretsera mmisiri wa mzere umenewo kuti agwire ntchito ya mwana wanga, ndikanamubweza pakhomo.

"Tenga mpando uwo," ndinatero. "Khala apa. Detsa ndikuona."

"Bambo..."

"Sindinakwiye. Ndikufuna ndione mmene umapangira timizere toyera tija. Chotsa bandejiyo, zala zako n'zabwino."

Anamasula bandeji pachigwiriro. Anakhala, n'kukokera katebulo kwa iye. Anapuma kamodzi, n'kuyambira pakati. Alendo a mabedi ena anasiya mbale zawo n'kubwera kudzaima kumbuyo kwake. Dzanja lake silithamanga, silikayika. Akafika pamzere amatembenuza pepala, osati mkono, ndipo burashi imatsetsereka m'mphepete ngati ikudziwa njira yokha. Timizere toyera sachita kujambula, amangotukula nsonga pang'ono n'kupitirira. Ine ndinagwira botolo la inki kuti lisagwe. Ndinaligwira ndi lamanja.

Atamaliza anaika burashi pansi n'kundiyang'ana, monga ankachitira ali kusekondale.

Ndinati, "Wandiposa, mayi."

Analira, ine ndinayang'ana nsonga za mitengo. Achete ndi amene anayambitsa kuwomba m'manja. Adalaivala ankauza aliyense kuti mtsikanayu ndi mwana wa mchimwene wawo.

Tinadikira inki iume. Burashi ndamuuza apite nayo, ndi yake tsopano. Anakana kawiri, kachitatu anaikulunga m'kansalu.

Lachisanu, 20

BP 134/82. Waimba foni ali pamasitepe a ofesi ija. Alandira, masamba onse, palibe lobwezedwa. Ndinalengeza wodi yonse mpaka namwino anati ndichepetse mawu, muno muli odwala. Zotsatira akuti mwezi wamawa. Oweruzawo achite zawo, ine ndaona kale.

Amayi a mafizo anabwera ndi katoni ya mapegi, akundiyang'ana cham'mbali. Ndinati mapegi abwezeni kuchingwe. Mu kabati mwanga munatsala mafotokope atatu ndi burashi yakale imene mayi a kunyumba anaipeza m'bokosi langa la zida. Anaikulunga bandeji, n'kundikhazika, pilo kumsana.

Ndadetsa ambulera imodzi, ndikuyesera timizere ta mwana wanga. N'tovuta, abale. Ndadumpha mzere kawiri, ndipo palibe chawonongeka.